Njanji ya Mfumu Sabwerera

M'dziko la Patsogolo mwana aliyense amadziwa mbiri ya njanji asanadziwe kumanga zingwe za nsapato, ndipo ambiri amaidziwa asanaione n'komwe nsapatoyo. Buku la sitandade 3 limanena kuti njanji inayamba m'masiku a Mfumu Sabwerera Woyamba, kuti imachokera ku likulu la Chilipo kulunjika ku Mathero, mtunda wa mamailosi zana limodzi, ndiponso kuti ndiyo msana wa dziko. Chimene bukulo silinena n'chakuti zitsulo zimene mfumuyo inaitanitsa kutsidya kwa nyanja zinafika zokwanira mamailosi khumi ndi awiri okha. Zinazo zinali m'njira. Mpaka lero zikadali m'njira, ndipo wofunsa amauzidwa kuti nyanjayo ndi yaikulu.

Zitsulo zitatha, kapitawo wa nthawi imeneyo anachita chimene munthu aliyense wokonda khosi lake akanachita. Anazula zitsulo za kumbuyo pamodzi ndi zipika zake, n'kukaziyala kutsogolo. Mfumu inabwera pa galimoto, inadula riboni, amayi anavina, wailesi inalengeza kuti njanji yatalika. Chaka chinacho anazulanso, anayalanso, riboni inadulidwanso. Motero njanji ya dziko lonse inayamba kukwawa ngati bongololo, mutu ukupita mchira ukutsatira, ndipo inakwawa chotero zaka makumi asanu ndi awiri.

Wina angafunse kuti kodi mafumuwo analibe maso? Maso anali nawo, koma ku Patsogolo mfumu siyang'ana m'mbuyo ndipo sibwerera. Umenewu ndi mwambo wakale kuposa njanji. Galimoto yachifumu anaichotsa magalasi a m'mbali ndi giya yobwerera m'mbuyo. Mfumu ikaiwala chipewa kuchipinda, imapitirira n'kutulukira khomo lakutsogolo, kuzungulira nyumba yonse, n'kukalowera kwina. Amene ali pamaso pake nawonso satembenuka, kotero kuti nduna zokhalitsa zimadziwika ndi kuuma kwa makosi. M'bwalo lachifumu mawu akuti kubwerera satchulidwa. Anthu wamba okha ndiwo amaloledwa kubwerera m'mbuyo, ndipo ufulu umenewu amaugwiritsa ntchito chaka ndi chaka.

Dera lililonse la m'njira linakhalapo ndi nthawi yake. Sitima inkabwera n'kumayenda pa mamailosi ake khumi ndi awiriwo, kupita chamtsogolo, kubwerera chafutambuyo. Anthu ankakweza matumba a mtedza, masitolo ankatsegulidwa, atsikana ena ankakwatiwa ndi oyendetsa sitima. Pakatha zaka zingapo ankangopeza patsala mzere wa miyala ndi chikwangwani. Ku Tidaiona, siteshoni imene inayamba kusiyidwa, udindo wa mkulu wa siteshoni unali utafika kwa mdzukulu. Ankalandira yunifolomu yatsopano chaka chilichonse, ndipo m'mawa uliwonse ankaimba wezulo kuti mbuzi zichoke pamene panali njanji.

Kapitawo wachitatu wa njanjiyi anali Elifala Kamtedza, bambo wa zaka 63, wamfupi, wosalankhulalankhula. Ntchitoyi anaiyamba atangokwatira kumene, ndipo zitsulo zonse ankazidziwa chimodzichimodzi: chopindika, chadzimbiri, ndi chija cha chibowo m'mbali chimene chinamuphwanya chala chachikulu. Kwawo kunali ku Mathero kwenikweniko. Mkazi wake, Nankhoma, anamanga nyumba pafupi ndi zikhomo zimene a boma anakhoma posonyeza pamene siteshoni idzakhale, ndipo chiswe chikadya zikhomozo iye ankasema zina n'kuikapo. Mwamuna wake ankamuona pa Khirisimasi ndi pa maliro. Ana anayi anakula akudziwa kuti bambo awo akubwera ndi sitima, mpaka nawonso anakwatira n'kuyamba kuuza ana awo zomwezo.

Lamulo linkati kapitawo amapuma ntchito njanji ikafika ku Mathero, kapena akamwalira. Awiri oyamba aja anadzera njira yachiwiriyo. Kamtedza sankafuna zambiri pa moyo wake. Ankangofuna kutsika sitima pakhomo pake n'kukhala ndi mkazi wake masiku otsalawo. Ndipo chaka chimenecho mutu wa njanji unali utafika mamailosi asanu okha kuchokera ku Mathero. Kukacha bwino ankaona malata a tchalitchi cha kwawo akunyezimira, ndipo Loweruka ankapalasa njinga kukagona kunyumba. Kwa nthawi yoyamba m'zaka 38 za ukwati, Nankhoma anayamba kudandaula kuti mwamuna wake amaliza mkonono, ndipo Kamtedza anakondwera nako kwambiri kudandaulako.

M'mwezi womwewo Mfumu Sabwerera Wachitatu anakwanitsa zaka 25 ali pampando, ndipo Bwalo la Ovomereza linakumana kuti likambirane za chikondwerero. Nduna ina inati pamangidwe chipilala. Ina inati chipilalacho chitalike kuposa chimene yanena inzakeyo. Mfumu inamvetsera zonsezo, kenako inanena kuti kuyambira ili mwana imamva za msana wa dziko koma sinaukwerepo. Inkafuna kukwera sitima kuchokera ku Chilipo mpaka ku Mathero.

Bwalo linaomba m'manja. Linaomba nthawi yaitali ndithu, chifukwa aliyense ankadziwa kuti woyamba kuleka ndiye afunsidwe maganizo. Woyamba kutopa anali Gwaladi Mtambalika, Nduna ya Njanji ndi Zoyembekezera, choncho anaimirira n'kunena kuti unduna wake wakhala ukudikira tsiku limeneli. Madzulo omwewo anaitanitsa zitenje zikwi makumi awiri zokhala ndi nkhope ya mfumu ndi mawu akuti ANYAMUKA PA SITIMA, ADZAFIKA PA SITIMA. Mawa lake anatumiza galimoto kukatenga Kamtedza.

Ndunayo inamulandira bwino, inamupatsa mpando wa khushoni ndi tiyi wamkaka, zimene zinamuopsa Kamtedza kuposa kukalipiridwa. Inamufotokozera modekha kuti pa mapu a boma njanji ilipo yonse, ndipo boma silinama. Choncho mfumu ikafika pamalo n'kupeza palibe zitsulo, ndiye kuti zabedwa, ndipo munthu amene dziko lonse lakhala likumuona akuzula zitsulo ndi mmodzi.

"Koma bwana, ine ndinapeza mamailosi khumi ndi awiri," anatero Kamtedza.

"Tonse tinapeza omwewo, achimwene. Kungoti ine sindinagwirepo mgwala wozulira zitsulo."

Kenako inatulutsa kalata m'thumba la jekete n'kumuonetsa. Inali kalata yopumira ntchito, ya dzina lake, yosainidwa kale, chidindo chili pomwepo. Inati akaifikitsa mfumu ku Mathero isanaone kanthu, kalatayo ndi yake. Akalephera, ku ndende ya Tiiwaleni kuli chipinda chimene sichinapeze mwini. Kamtedza anakumbutsa ndunayo kuti zitsulo zili kufupi ndi Mathero pamene mfumu ili ku Chilipo, n'kufunsa ngati akutumidwa kuti abwerere nazo. Nduna inayang'ana kukhomo, inatsitsa mawu, n'kumuuza kuti mawu amenewo muno ayi. Akazitenge kuti zidzayambirenso kupita patsogolo.

Loweruka limenelo Kamtedza anapalasa njinga pang'onopang'ono. Atamufotokozera Nankhoma, mayiyo anapitiriza kusenda chinangwa, osadzutsa mutu. Patapita nthawi anafunsa ngati mamailosi asanu aja asanduka zana. Kamtedza anati ndi miyezi yochepa chabe, ndipo ulendo uno pali kalata. Nankhoma anati kalata wazimvapo, n'kulowa m'nyumba kukamuchapira malaya.

Ntchito ya zaka makumi asanu ndi awiri inaphwasulidwa m'miyezi iwiri. Ngolo mazana atatu zinanyamula zitsulo ndi zipika, mabogi anawamasula magudumu, ndipo injini inakokedwa ndi ng'ombe makumi anayi pamwamba pa mitengo yogudubuza. Msewu wolowa mu Chilipo umadutsa pakati pa msika wa Tingoona, ndiye panalibe pobisala. Kamtedza ankayenda pambali pa injiniyo nkhope ili pansi, manyazi atamugwira, pamene msika wonse unasiya malonda n'kudzaima m'mbali mwa msewu.

Mai Esinta, wogulitsa tomato pakhomo la msikawo, ananena kuti iwo amamva kuti kumaiko ena sitima ndiyo imanyamula ng'ombe, koma yathuyi inaleredwa bwino, ndi yodzichepetsa. Wogulitsa nyama anafunsa ngati ng'ombezo zidzabwerere pa sitima kapena wapansi, poti zaonda kale. Wapolisi atayandikira n'kufunsa chimene akuseka, Mai Esinta anayankha kuti sakuseka ayi, akusangalala ndi chitukuko, kungoti nkhope yawo simasiyanitsa. Wapolisiyo analemba zimenezo m'kabuku n'kugula tomato wa mulu umodzi.

Tsiku lomwelo mthenga wa bwalo anaima pa ngolo pamsikapo n'kuwerenga lamulo latsopano. Pa ulendo wonse wachifumu, munthu aliyense, chiweto chilichonse chomangidwa, ndi chojambulira chilichonse ziyenera kuloza kumene mfumu ikuloza. Amayi onse olandira chitenje adzaima m'mbali mwa njanji atagwirana zitenjezo ngati mpanda. Phokoso lililonse lomveka kuseri kwa mpandawo ndi ng'oma. Mthengayo atafunsa ngati pali funso, anthu anati zamveka bwino, popeza zimenezi n'zomwe akhala akuchita kale popanda lamulo.

Ulendo unayamba pa Lolemba, dzuwa likuswa mtengo. Bogi yachifumu anaiika kutsogolo kwa injini kuti utsi ndi china chilichonse zikhale kumbuyo. Kachitidwe kake kanali kosavuta kukamvetsa koma kowawa kukachita. Sitima inkayenda mamailosi asanu ndi limodzi n'kuima. Ikaima, asilikali mazana asanu ndi limodzi, pansi pa Kamtedza, ankazula zitsulo za kumbuyo, kuzidutsitsa pa ngolo kuseri kwa mpanda wa zitenje, n'kukaziyala kutsogolo kumene maso a mfumu sankafika. Ntchitoyo inkatenga sabata yathunthu, ndipo sabatayo inkayenera kudzazidwa ndi kanthu.

Apa m'pamene Nduna Mtambalika anaonetsa kuti mpando sanaupeze mwangozi. Pa siteshoni iliyonse ankakamba mbiri ya njanji. Ankayamba Lolemba ndi kubadwa kwa agogo a mfumu, pofika Lachinayi n'kuti asanatchule chitsulo choyamba, Lachisanu ankathokoza alendo mmodzimmodzi. Makwaya anaimba nyimbo zonse zimene ankadziwa, zitatha anayamba kuimba maina a masiteshoni m'mawu anayi. Mfumu inauzidwa kuti anthu akuikakamira chifukwa cha chikondi. Inavomera, n'kuyamba kunenepa.

Ku Tidaiona mkulu wa siteshoni uja, amene anali asanaonepo sitima chibadwire, ataona injini ikutulukira pa gulaye anataya wezulo n'kuthawira m'munda wa chimanga, ndipo anakamupeza Lachitatu. Anthu a kumeneko anabwera ndi matumba a mtedza, koma anauzidwa kuti sitimayi si yokwera, ndi yoonera. Tsiku lozula, mayi wina amene ankagwira mpanda wa zitenje anamuuza Kamtedza kuti agogo ake anakhala nayo zaka zitatu, iwo akhala nayo sabata imodzi, zikuoneka kuti masiku ano zinthu zikufulumira. Kamtedza anawerama n'kupitiriza kuzula misomali. Anali atazula zitsulo pakhomo pa anthu ambiri, koma aka kanali koyamba kuzula pakhomo pa anthu amene anawazulirapo kale akapitawo akale, ndipo zinamupweteka mumtima.

Miyezi inapita. Kamtedza anaonda mpaka lamba anamuboola kawiri, msana unayamba kumuvuta podzuka, koma sabata iliyonse inkamusendeza kufupi ndi kwawo, ndiye sankadandaula. Chimene ankaopa chinali chimodzi, kuti tsiku lina mfumu idzatopa ndi kumvetsera.

Inatopadi pa siteshoni yakhumi ndi chimodzi. Pakati pa mbiri ya Lachitatu inanyamuka, inatsika pabogi, n'kuyamba kuyenda yokha m'njanji kulowera kutsogolo, wogwira ambulera akuithamangira. Palibe akanaibweza, popeza kuibweza n'kumene sikuloledwa. Itayenda pafupifupi mailosi imodzi inapeza Kamtedza atawerama akuyesa misomali. Kamtedza anagwada pamiyala.

"Inu ndiye kapitawo?"

"Ndine, mfumu."

"Phokoso limene ndimamva kumbuyoku masiku onse, amati ndi ng'oma. Ine ng'oma ndimaidziwa. N'chiyani?"

"Ndi chitukuko, mfumu."

"Chikutitsatira?"

"Sichitisiya, mfumu."

Mfumu inagwedeza mutu. Kenako inagogoda ndi ndodo yake chitsulo chimene chinali pamapazi pake. Chinali chija cha chibowo m'mbali.

"Chitsulo ichi ndachiona kasanu."

"Zitsulo zathu zimafanana, mfumu. Zinachokera fakitale imodzi."

Mfumu inayang'ana kumene njanji inkazimirira m'tchire. Kamtedza anali atayamba kale kuganiza za chipinda cha ku Tiiwaleni, ndi yemwe angakauze Nankhoma.

"Bambo anga ankateronso," inatero mfumu.

Inamufunsa kwawo, ndipo itamva kuti ndi ku Mathero inati ndiye kuti iye wachita mwayi, akupita kwawo. Kenako inaima pomwepo pansi pa ambulera kudikira kuti sitima idzaipeze. Kamtedza anachoka chogwada, asakudziwa ngati walankhula ndi munthu wopusa kwambiri m'dzikomo kapena wochenjera kwambiri. Anaona kuti kusiyanitsa zimenezo si ntchito ya kapitawo.

Patatha miyezi isanu, chitsulo chomaliza chinayalidwa ku Mathero, mayadi makumi awiri kuchokera pakhonde la Nankhoma. Mailosi yomalizayo Kamtedza anakwera pa chopondera cha injini, ndipo sitima itaima anatsika pamaso pa ana ake, adzukulu ake, ndi anthu onse amene kwa zaka zambiri ankamufunsa monyoza kuti sitima ija yafika pati. Amayi analuluta. Nankhoma sanalulute. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti waonda ngati sakwatira. Nduna Mtambalika anamupatsa kalata ija pamaso pa gulu, wojambula anajambula, ndipo Kamtedza anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya.

Sanadikire kuti amve mawu a mfumu. Anapita kunyumba, anakhala pansi pa mtengo wa mango, anavula majombo ake a ntchito. Nankhoma anawanyamula pomwepo n'kukapatsa mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Dorika, kuti asadzawaonenso pakhomopo. Kamtedza anatambasula miyendo, mdzukulu wina anamukwera pamimba, ndipo anapuma ntchito kwa maola atatu.

Zimene zinachitika kubwalo m'maola atatuwo anazimva pambuyo pake. Mfumu inalankhula mwachidule. Inati yauona msana wa dziko, ndi wautali ndithu, ndipo tsopano ikufuna kukagona pabedi lake ku Chilipo. Bwalo linaomba m'manja mwachizolowezi, koma kuombako kunazilala kokha. Kwa miyezi isanu ndi iwiri nduna zinali zitakonza zitenje, makwaya, mbuzi zophera alendo ndi mndandanda wa olankhula, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo za mmene mfumu idzachokere ku Mathero. Pamisonkhano yawo yonse panalibe mawu oifunsira nkhaniyo.

Woyendetsa sitima, munthu wosaphunzira za kubwalo, ananena kuti palibe vuto, injini imayenda bwinobwino chafutambuyo. Apolisi anamutenga asanamalize. Nduna ina inati galimoto yachifumu ibwere idzazungulire nayo mfumu njira ina monga mwa masiku onse, koma Nduna ya Miyambo inaloza amayi zikwi makumi awiri amene anavala mawu a boma m'chiuno, n'kufunsa ngati pali wina amene akufuna kukawavula. Zinalembedwa kuti mfumu idzafika pa sitima. Mtambalika anayala mapu, onse anawerama, ndipo njira inapezeka imodzi: kupitirira kutsogolo, kukhota pang'onopang'ono kuseri kwa mapiri a Musaone, kuwoloka dambo la Mizani, n'kukalowa mu Chilipo kuchokera kumadzulo. Unali mtunda wa mamailosi mazana atatu, ndipo kumeneko kunali kusanalimidwepo ngakhale kanjira ka njinga.

Nduna Mtambalika anabwera yekha wapansi kunyumba kwa Kamtedza. Anakhala pa mpando wandalema umene Nankhoma anamupatsa, anayamikira mango, kenako anapempha kuti aione kalata ija ngati chidindo chinagwira bwino. Ataiona anaiika m'thumba la jekete, n'kutulutsa mendulo yonyezimira. Anati Bwalo la Ovomereza lakweza Kamtedza kukhala Kapitawo Wamuyaya, udindo umene palibe anaulandirapo, ndipo anamufotokozera za njira yatsopanoyo.

Kamtedza anawerengera mumtima. Mapiri ofunika kusema, dambo lofunika kukwirira, mvula, msana wake. Pa zabwino zonse zinali zaka zisanu ndi ziwiri.

"Bwana, lamulo limati njanji ikafika ku Mathero kapitawo apume. Yafika."

"Zoona, lamulo limatero. Koma masana ano bwalo laona kuti dziko lopita patsogolo silingakhale ndi malo otchedwa Mathero. Kuyambira lero kuno ndi ku Podutsa. Chikwangwani akuchipenta panopa."

"Nanga ndikakana?"

"Chipinda chija chikadalipo, achimwene."

Nankhoma, amene nthawi yonseyi anakhala pamphasa chapatali monga mayi waulemu, anasendera pafupi. Anafunsa ndunayo kuti ndende ya Tiiwaleni ili kutali bwanji. Nduna inati mamailosi makumi atatu. Anafunsa ngati amalola kukaona anthu. Inati kamodzi pamwezi, Lamlungu loyamba. Anafunsanso ngati ndendeyo imasuntha. Nduna inaseka pang'ono n'kunena kuti ayi, ndende za boma n'zokhazikika.

"Bambo a Dorika," anatero Nankhoma, "sankhani ndende."

Kamtedza anamuyang'ana mkazi wake ndipo anaona kuti sakunena zocheza. Kamodzi pamwezi ndi kakhumi ndi kawiri pachaka. Kupatula chaka cha njinga chija, chikwatirireni anali asanakhalepo ndi chaka chotero. Anatembenukira kwa nduna n'kunena, mwaulemu wonse, kuti akuvomera mlandu. Mamailosi makumi asanu ndi atatu kudza asanu ndi atatu amene akusowa aja anaba ndi iyeyo, ndipo ali wokonzeka kupita ngakhale lero.

Mtambalika anapukuta thukuta. Sanakwiye, ndipo pankhope pake panaoneka chinthu chofanana ndi chisoni. Anati kuvomera mlandu ndi ufulu wa nzika iliyonse ndipo iye sangaletse. Kungoti asilikali akufunika kumalire, choncho bwalo lagamulanso masana omwewo kuti akaidi onse a ku Tiiwaleni asamutsidwire ku njanji kuti akhale antchito ake mpaka mfumu itafika kwawo. Kamtedza akhoza kupita ngati kapitawo kapena ngati mkaidi. Kusiyana kwake n'kwakuti kapitawo amaloledwa kuvala majombo.

Nduna itachoka, awiriwo anatsala pansi pa mango. Kusiteshoni kwaya inali itayambanso kuimba. Kenako Nankhoma anadzuka, anamanga bwino chitenje, n'kupita kwa mkamwini kukapempha majombo aja. Kupempha chinthu chimene wapereka m'mawa womwewo ndi zamanyazi, koma anapita yekha, sanatume mwana.

Zinatenga milungu itatu kuti akaidi afike ndi kusalaza mamailosi oyamba a kutsogolo. Mfumu inadikira m'bogi yake, ikumvetsera mbiri ya njanji imene tsopano inali ndi mutu watsopano wonena za ku Podutsa. Kenako sitima inanyamuka, amayi anagwira zitenje, ndipo ozula anayamba ntchito yawo kumbuyo, akusendera tsiku ndi tsiku mpaka anafika pafupi ndi khonde la Nankhoma.

Mayiyo sanamufunse mwamuna wake kuti adzabwera liti. Onse awiri ankadziwa kuwerenga zaka, ndipo onse awiri ankadziwa zaka zimene anali nazo. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti chitsulo cha pakhomo pawo asatume mkaidi, azule yekha.

Kamtedza anatumiza gulu lonse kutsogolo ndi ngolo n'kutsala yekha. Chitsulo chimodzi iye ankatha kuchizula m'mphindi khumi, ndipo asilikali ankachita kudzaonerera liwiro lake. Chimenechi anachiyamba m'mawa. Ankazula msomali umodzi, kuupukuta, kuuyang'anitsitsa, kukhala pansi kumwa madzi amene mkazi wake wamupatsira, n'kukambako za denga la khitchini ndi za mwana wa Dorika amene wachedwa kuyenda. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, ngolo yomaliza inaima chapatali ikudikira. Nankhoma anakhala pakhonde manja ali pamiyendo, akumuyang'ana, ndipo sanamuuze kuti afulumire.